Rimoti ya gemu ikasiya kumva dzanja: zoti muone musanagule ina

Pa benchi yanga yokonzera mafoni muno mu Chipata, sabata siitha popanda munthu kubwera ndi rimoti ya gemu atayikulunga m'pepala, n'kunena mawu omwe aja: "Yafa iyi." Ena amachokera ku Kapata, ena ku Mchini, ena amachita kukwera galimoto kuchokera ku Katete. Ndikaiyesa pa makina anga, nthawi zambiri imagwira bwinobwino. Mwini wake amapita kwawo akusangalala, mawa lake wabweranso, akuti yayambiranso. Zikatero ndimadziwa kuti matenda sali mu rimoti. Ali m'mabatire, m'chipinda chimene akuseweramo, kapena pa soketi. Zimandimvetsa chisoni kuona kholo likutaya ndalama pogula rimoti yachiwiri pamene yoyambayo ili moyo, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Makina amene afala kuno ndi akale ndithu: Wii ya Nintendo yomwe inatuluka mu 2006, Xbox 360 yokhala ndi Kinect (kamera yoona thupi la wosewera), ndi PlayStation 3 yokhala ndi Move. Ziwiri zomalizazi, Kinect ndi Move, zinatuluka mu 2010. Ambiri tinawalandira kwa abale a kunja kapena tinagula ogwiritsidwapo kale ntchito ku Lusaka ndi ku Lilongwe, opanda kabuku ka malangizo.

Dziwani kaye chimene chikuona chinzake

Pa Wii, kandodo kamene mumaika pamwamba pa TV, kotchedwa sensor bar, sikaona chilichonse. Ndi tinyali chabe, tisanu mbali iyi tisanu mbali inayo, totulutsa kuwala kwa infrared kumene maso athu satha kukuona. Diso lenileni lili kunsonga kwa rimoti, kuseri kwa kagalasi kakuda kaja. Rimoti imayang'ana tinyalito, n'kuuza makina kudzera pa Bluetooth kumene mwaloza. Mukagwira mfundo imeneyi, mavuto ambiri a Wii muziwathetsa nokha.

Kinect ndiyo ili ndi maso ake: imamwaza timadontho ta infrared m'chipinda n'kuwerenga thupi lanu. Pa PlayStation Move, kamera ya PlayStation Eye imatsatira kampira kowala ka kunsonga kwa rimoti. Zonsezi zimadalira kuwala, ndipo mdani wake ndi kuwala kwina.

1. Rimoti ya Wii siyaka, kapena imazima gemu ili mkati

1. Mabatire atha, kapena ndi ofooka. Apa ndi pamene pagona mavuto ochuluka. Rimoti imadya mabatire awiri a AA, ndipo aja otchipa a pa kantemba, amene amayendetsa wotchi ya pakhoma miyezi yambiri, mu rimoti iyi sachedwa kugonja chifukwa muli kamera, kasipika ndi kamota konjenjemeretsa. Gulani olembedwa alkaline, kapena otchaja a NiMH. Musasakanize latsopano ndi lakale. Kuluma batire kapena kuliyanika padzuwa sikubwezeretsa mphamvu, kumangolichititsa kudontha.
2. Tizitsulo togunda batire tachita dzimbiri kapena tayera ngati pathiridwa mchere. Ndi madzi a batire limene linagonamo miyezi. Chotsani mabatire, nyowetsani kathonje ndi viniga pang'ono, pukutani, kenako pukutaninso ndi kathonje ka sipiriti, n'kudikira paume. Musambe m'manja mukatha, ndipo musagwire m'maso.
3. Kasipuling'i kafooka, batire likugwedera. Chizindikiro chake n'chakuti rimoti imazima nthawi imene mwakupiza dzanja mwamphamvu. Kakokereni kunja pang'ono ndi nsonga ya sikuludiraiva.
4. Rimoti yangosokonezeka. Chotsani mabatire kwa mphindi imodzi, bwezerani.

Kuti mudziwe mphamvu imene yatsala, dinani batani la HOME gemu ili mkati. Sikirini ionetsa timizere ta batire la rimoti iliyonse.

2. Tinyali tinayi tabuluu tikuphethira, kenako n'kuzima

Rimoti ili moyo, koma sikudziwana ndi makina.

1. Inalumikizidwa ku makina ena. Ana amabwerekana marimoti. Ikapita kwa aneba n'kukalumikizidwa kumeneko, ikabwera imakhala yaiwala kwawo. Tsegulani kachitseko ka kutsogolo kwa Wii, pamene pamalowa khadi la SD, mupeza batani lofiira la SYNC. Lina lofiira lili mu rimoti, pansi pa chivundikiro cha mabatire. Dinani la mu rimoti, ndipo tinyali tikamaphethira dinani la pa makina. Kanyali kamodzi kakakhazikika, zatheka.
2. Zikakanika, fufutani zonse. Dinikizani batani la SYNC la pa makina kwa masekondi 15, kenako lumikizani marimoti imodziimodzi. Wii imalandira marimoti anayi nthawi imodzi.
3. Pali zida zina zosokoneza. Rauta ya Wi-Fi, sipika ya Bluetooth ndi mbewa ya kompyuta yopanda waya zimayenda m'mafunde amodzimodzi a 2.4 GHz. Zisunthireni kutali ndi makina, kapena zizimitseni kaye muone.
4. Rimoti si yeniyeni. Zongofanizira zilipo zambiri pamsika, ndipo zina zimakana magemu ena pamene zikugwira pa ena.

Marimoti onse akakana, kuphatikizapo yobwereka imene ikugwira kwa mwini wake, ndiye kuti kachipangizo ka Bluetooth ka mkati mwa Wii kafa. Pamenepo lekani, pitani nayo kwa wokonza.

3. Mabatani akugwira, koma kadzanja kosonyeza pamene mwaloza sikakuoneka pa sikirini

Ili ndilo vuto limene limatayitsa anthu ndalama zambiri, choncho ndikhalapo pang'ono.

1. Sensor bar sikuyaka. Muyeso wake ndi wosavuta: tsegulani kamera ya foni, lozani pa kandodoko makina ali oyaka. Muyenera kuona timadontho towala, tofiirira kapena tapepo, kumapeto konse kuwiri. Mafoni ena kamera yawo yakumbuyo siona infrared, ndiye yesani yakutsogolo. Kuti mutsimikize kuti foni yanu imaona, yambani ndi rimoti ya TV: iloze pa kamera, dinani batani lililonse, muone ngati kuthwanima.
2. Ngati ndi kandodo kopanda waya, koyendera mabatire, yambani ndi mabatirewo. Akamatha, tinyali timazilala ndipo kadzanja kamaoneka pokhapokha mwayandikira TV. Tindodo tambiri totere tilinso ndi nthawi yake yozimira tokha, pakatha ola limodzi kapena awiri. Anthu amaganiza kuti kawonongeka pamene kangogona. Kayatseninso.
3. Ngati ndi ka waya, tsatirani wayayo ndi zala kuyambira kukandodo mpaka kumbuyo kwa makina. Ndi woonda ngati ulusi. Makoswe amamudula, mwendo wa kabati umamupana, ndipo wosesa amamukoka osadziwa. Onaninso kuti pulagi yake yalowa mpaka kumapeto.
4. China chake chatchinga. Kansalu ka maluwa koyala pa TV, chithunzi cha ukwati, kapena milomo ya shelefu pamene kandodo kakankhidwira mkati. Kaikeni kutsogolo kwenikweni, pakati pa TV.
5. Mwatalikira kapena mwayandikira kwambiri. Imani pakati pa mita imodzi ndi mamita atatu.
6. Kagalasi ka kunsonga kwa rimoti kada. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la Chipata sililekerera chinthu, ndipo ana amasewera manja ali mafuta a vitumbuwa. Pukutani ndi kansalu kofewa kouma.

Pali muyeso wina umene ndimaukonda chifukwa umathetsa mkangano pompopompo. Yatsani makandulo awiri, muwaimike patebulo motalikirana pafupifupi masentimita 20, kutali ndi TV, makatani ndi mapepala, kenako lozani rimoti pa makandulowo. Kadzanja kakatulukira, rimoti ili bwino, chofunika kugula ndi kandodo kokha. Lawi limatulutsa infrared, ndipo rimoti sisiyanitsa. Uwu ndi muyeso wa mphindi imodzi wochita munthu wamkulu. Chonde musawasiyire ana kuti azisewera choncho, chifukwa gemu ndi yokupiza manja ndipo moto suchedwa.

Kadzanja kakapanda kuoneka ngakhale pa makandulo, kamera ya mu rimoti yafa, kawirikawiri chifukwa chogwa. Imeneyo ndiyo rimoti yoyenera kunena kuti yafa.

4. Kadzanja kakunjenjemera, kudumpha, kapena kupita kolakwika

Apa rimoti ikuona nyali zambiri kuposa ziwiri za kumapeto kwa kandodo, ndiye yasokonezeka kuti kandodo ndi kati.

Mayi wina wa ku Navutika anabwera katatu konse ndi mdzukulu wake. Ulendo wachitatu mnyamatayo anati, "Ankolo, m'mawa imagwira, koma tikaweruka kusukulu imapenga." Ndinawafunsa kumene TV yawo inayang'ana. Inali itatsamira windo la kumadzulo, ndipo masana dzuwa likapendeka limalowa kuseri kwa TV, ndendende kumene mwana amalozako rimoti. Agogowo anapachika chitenje chochindikala pawindo, nkhani inathera pomwepo.

1. Dzuwa. Tsekani katani, kapena tembenuzani TV kuti windo lisakhale kumbuyo kwake.
2. Moto ndi nyali zotentha. Kandulo kapena nyali ya parafini pafupi ndi TV, pamene malaiti apita ndipo mukuyendetsa gemu pa sola. Mbaula ya makala m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Hitala. Babu lakale la waya wofiira mkati. Zonsezi zichoke kutsogolo kwa rimoti.
3. Zonyezimira. Tebulo la galasi, matailosi opukutidwa, kalilole, chitseko cha galasi cha kabati. Zimabwezera kuwala kwa kandodo, rimoti n'kuona tindodo tiwiri. Yalani nsalu patebulo muone kusintha.
4. Mphamvu ya kuona yakwera kwambiri. Lowani mu Wii Settings, sankhani Sensor Bar, kenako Sensitivity. Lozani rimoti pa TV. Muyenera kuona timadontho tiwiri tokha. Tikachuluka, tsitsani ndi batani lochotsera. Tikasowa, kwezani ndi lophatikizira. Sikirini imeneyi ndi yothandiza kwabasi: yendetsani rimoti m'chipinda chonse, ikuonetsani komwe kuwala kosokonezako kukuchokera.
5. Kadzanja kakamakhala m'mwamba kapena m'munsi mwa pamene mwaloza, onani Sensor Bar Position m'malo omwewo. Ngati kandodo kali pamwamba pa TV sankhani Above TV, ngati kali pansi sankhani Below TV.

5. Mukukupiza dzanja koma gemu siyankha, kapena lupanga la mu gemu lapendekeka

1. Gemu ikufuna Wii MotionPlus, kachidutswa kolumikiza kumunsi kwa rimoti kamene kanatuluka mu 2009. Wii Sports Resort ndi imodzi mwa magemu otere. Marimoti a Wii Remote Plus ali nako kale mkati, ndipo kumunsi kwake kunalembedwa Wii MotionPlus INSIDE.
2. Ikufunika kukhazikitsidwa. Igonekeni chafufumimba patebulo losagwedera, mabatani ali pansi, kwa masekondi 10. Osati pa sofa, osati pamwendo.
3. Kachidutswa kapena Nunchuk (chogwirira cha dzanja linalo, cholumikiza kumunsi kwa rimoti) sizinalowe bwino. Zulani, uzirani fumbi, lowetsaninso mpaka zimveke kuti zakola.
4. Kachipangizo komva kugwedezeka kamatirira. Gwirani rimoti mabatani atayang'ana pansi, muimenyetse pachikhatho katatu, mwamphamvu pang'ono. Pachikhatho, osati patebulo.

Ndipo kachingwe ka padzanja kaja muzikamanga. Ndaonapo sikirini ya TV itang'aluka chifukwa rimoti inapulumuka m'dzanja la thukuta mu Okutobala.

6. Kinect sikukuonani, kapena ikuona theka la thupi

1. Malo achepa. M'nyumba zathu zambiri vuto ndi limeneli. Munthu mmodzi aime pa mamita 1.8 kuchokera pa Kinect, anthu awiri pa mamita 2.4. Tebulo la pakati lichoke, chifukwa ikufuna kuona mpaka kumapazi.
2. Oonerera achuluka. Ana a mumdadada akadzaza chipinda n'kuima kumbuyo kwa wosewera, Kinect imasiya mwini gemu n'kugwira wina. Akhale pansi, m'mbali.
3. Yaikidwa polakwika. Ikhale pakati pa TV, pa msinkhu wa mamita 0.6 mpaka 1.8 kuchokera pansi, m'mphepete mwa shelefu, osati pamwamba pa sipika yogunda.
4. Dzuwa likuwomba pa Kinect kapena pa wosewera. Limamiza timadontho take. Tsekani katani, yatsani nyali ya m'nyumba.
5. Zovala. Chitenje kapena siketi yofika kumapazi imabisa mawondo, ndipo jekete lotaya limabisa mikono. Kamwana kosafika mita imodzi nakonso kamavuta kuoneka.
6. Magalasi ake atatu ada. Kansalu kouma basi, osathira madzi.
7. Siyaka n'komwe. Xbox 360 yoyambirira, yonenepa ija, siitha kudyetsa Kinect ndi USB yokha. Pamafunika adaputa yake yolowa pa soketi. Xbox 360 S ili ndi khomo lakelake la Kinect kumbuyo. Ambiri amagula Kinect yopanda adaputa n'kumadabwa.

Mukakonza izi, lowani mu Settings, pa Kinect, muyendetse Kinect Tuner. Mutu wa Kinect uli ndi kamota kake kouweramitsa ndi kuudzutsa. Musaupinde ndi dzanja, mano a mkati ndi apulasitiki. Dziwaninso musanagule kuti Kinect ya Xbox 360 sigwira pa Xbox One, ndipo Xbox Series X ndi Series S sizilandira Kinect iliyonse.

7. PlayStation Move: kampira sikawala kapena kamera ikukataya

1. Batire la mkati latha. Tchajani ndi waya wa mini-USB wolowa mu PlayStation 3 yoyaka. Matchaja ambiri a foni a pakhoma sayitchaja, ngakhale waya walowa bwino.
2. Yaiwala makina. Ilumikizeni ndi waya, dinani batani la PS. Ikakana, kumbuyo kuli kabowo kakang'ono. Dinani mkatimo ndi kaphini, yesaninso.
3. Diso la kamera lili polakwika. Pa PlayStation Eye, potolozani diso kuti lifike pa kadontho kabuluu, osati kofiira.
4. Kumbuyo kwanu kukuwala kwambiri, kapena kuli chinthu cha mtundu wofanana ndi kampira. Tsekani windo la kumbuyo.
5. Ikuloza chambali. Mu Settings, pa Accessory Settings, sankhani Calibrate Motion Controller.

Kampira sikawala nthawi zonse. Kamayaka gemu ikakafuna ndipo kamera ikakhala yolumikizidwa, choncho musathamangire kunena kuti kapsa.

Amene muli ndi Nintendo Switch, rimoti yake ya Joy-Con ikamaloza chambali pitani mu System Settings, pa Controllers and Sensors, mupeza Calibrate Motion Controls. Kandodo ka chala kakamayenda kokha, yesani Calibrate Control Sticks. Kakapitiriza, n'kofunika kusinthidwa.

8. Zonse zasiya kuyaka malaiti atangobwera

1. Adaputa ya Wii yadziteteza. Izuleni kukhoma ndiponso kumakina, isiyeni mphindi ziwiri zathunthu, kenako ilowetseni pa soketi ya pakhoma yeniyeni, osati pa ekisitenshoni. Ma Wii ambiri amene anthu amati apsa amadzuka motere.
2. Pa Xbox 360 yang'anani kanyali ka pa chinjerwa cha magetsi, adaputa yake yaikulu ija. Kobiriwira ndiye kuti ikugwira, kaolenji ikudikira, kofiira pali vuto. Kakafiira, zulani, chisiyeni chizizire pamalo opita mphepo, yesaninso kamodzi.
3. Ekisitenshoni kapena fyuzi ya mu pulagi yapsa. Yesani soketiyo ndi tchaja ya foni.
4. Adaputa ndi ya dziko lina. Magetsi a muno mu Zambia ndi a 230V. Werengani pamene palembedwa INPUT. Ngati palembedwa 120V, kapena 100 mpaka 127V, monga zimakhalira pa katundu wa ku America ndi ku Japan, musailowetse popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu. Kachidutswa kosintha mano a pulagi sikatsitsa kanthu.

Chizolowezi chabwino n'chakuti malaiti akapita, zulani gemu kukhoma, ndipo akabwera dikirani kaye mphindi zingapo. M'dzinja mukamva ziphaliwali chitani chimodzimodzi. Pa jenereta, iyambe yakhazikika musanalumikize.

Pamene muyenera kuleka n'kupita kwa wokonza

- Mwamva fungo la kupserera, mwaona utsi, kapena pulasitiki yasungunuka. Zulani kukhoma, musayesenso.
- Adaputa kapena chinjerwa cha magetsi chikufunika kutsegulidwa. Musatsegule. Mkati mumatsala mphamvu yokwanira kukugwirani ngakhale mutazula.
- Rimoti ya Move kapena Joy-Con yafufuma, kapena ikutentha potchaja. Batire la lithium latupa. Musalibowole, musalikanikize, musaliponye pa mbaula kapena kudzala loyaka moto.
- Munalowa madzi, tiyi kapena maheu. Chotsani mabatire msanga, musayatse kuti muone ngati ikugwira.
- Madzi a batire alowa kupitirira tizitsulo, kufika mkati.
- Kinect ikuwala mofiira mutasintha kale waya ndi soketi, kapena mutu wake ukulira kwekwekwe osasuntha.
- Waya wolowa pa soketi wasupuka. Kumata selotepi si kukonza, makamaka m'nyumba mokwawa ana.

Rimoti ya Wii imamangidwa ndi tizomangira ta nsonga zitatu, ndipo amene amakakamiza ndi mpeni amabwera nayo itathyoka timano togwira chikuto, ntchito n'kukula.

Pobwera kwa wokonza, musabwere ndi rimoti yokha. Nyamulani makina, adaputa, kandodo kapena kamera, ndi mabatire omwe munali kugwiritsa ntchito. Jambulaninso chipindacho pa foni, mutaima pamene wosewera amaima, pa ola limene vutolo limayamba.